Momwe mungawerengere kukhazikika kwa benzene kuchokera pa kutentha kwa hydrogenation

Mukathira madzi a bromine mu cyclohexene n'kugwedeza, mtundu wofiirira uja umazimiririka pompopompo. Cyclohexene ndi mphete ya maatomu 6 a kaboni yokhala ndi bondi yapawiri imodzi, ndipo bondiyo yatseguka n'kulanda bromine. Benzene, yomwenso ndi mphete ya makaboni 6, amaijambula ndi mabondi apawiri atatu, ndiye munthu angaganize kuti iyo ichita zomwezo mwaliwiro loposa. Sitero ayi. Mtundu wa bromine umangokhala momwemo. Ngakhale muikakamize ndi catalyst, chinthu chofulumizitsa reaction, ngati FeBr3, benzene imalolera kutaya atomu imodzi ya haidrojeni kuti bromine ikhale pamalopo, koma mphete yake imatsala mmene inalili.

Ophunzira ambiri amaloweza pamtima kuti benzene ndi yokhazikika, n'kupitirira. Koma ndi yokhazikika ndi ma kilojoule angati, nanga poyerekeza ndi chiyani? Mabuku ambiri amati pafupifupi 152 kJ pa mole imodzi. Nambala imeneyi mungaipeze nokha ndi pepala, pensulo, rula ndi kalikyuleta, ndipo ndikulakalaka mutaipeza ndi dzanja lanu, chifukwa woipeza yekha amadziwanso pomwe imathera mphamvu. Ntchito yonseyi ndi ya papepala. Benzene imayambitsa khansa ya m'magazi, choncho musaifunefune kuti muyesere nokha.

Gawo 1: Dziwani chimene chikuyezedwa

Hydrogenation ndi kulowetsa haidrojeni, H2, pa bondi yapawiri ya pakati pa maatomu awiri a kaboni mpaka pakhale bondi imodzi wamba. Ndi njira yomweyi imene akhala akulimbitsira mafuta amadzimadzi popanga majarini. Pamafunika catalyst, kawirikawiri nickel, platinum kapena palladium. Catalyst imangofulumizitsa zinthu. Sichulukitsa kapena kuchepetsa kutentha kotuluka.

Mkatimo mumaduka zinthu ziwiri: gawo lofooka la bondi yapawiri, lotchedwa pi, ndi bondi ya H–H. M'malo mwake mumamangika mabondi awiri olimba a C–H. Mphamvu yotuluka pomanga atsopanowa imaposa imene yalowa podula akale, ndiye yotsalayo imatuluka ngati kutentha. N'chifukwa chake ΔH, kusintha kwa kutentha, ya hydrogenation ya alkene iliyonse (molekyu ya kaboni ndi haidrojeni yokhala ndi bondi yapawiri) imakhala ndi chizindikiro cha kuchotsa kutsogolo kwake. Mukaona −120 kJ/mol, werengani kuti mole imodzi yataya 120 kJ.

Tsopano gwirani mfundo iyi, pakuti zonse zotsatira zaima pa iyo. Mango awiri olemera mofanana akagwa mumtengo umodzi, lina kuchokera kunsonga, lina kuchokera panthambi yam'munsi, la kunsonga limamenya nthaka mwamphamvu mpaka kung'aluka, pomwe lam'munsi limangoti phu. Ngakhale muli m'nyumba, phokoso lokha likuuzani lomwe linali pamwamba. Molekyu yotulutsa kutentha kwambiri inali pamwamba m'mphamvu, kutanthauza kuti inali yosakhazikika. Yotulutsa pang'ono inali kale pansi, yokhazikika. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa, poganiza kuti nambala yaikulu ndiye kulimba. Ndi mosemphanitsa. Ndipo kuyerekeza kumeneku kumagwira pokhapokha ngati zonse zagwera pa nthaka imodzi.

Gawo 2: Lembani ma equation atatu othera pamodzi

Nthaka yathu ndi cyclohexane, C6H12, mphete ya makaboni 6 yopanda bondi yapawiri. Lembani mizere itatu iyi, wina pansi pa unzake:

cyclohexene: C6H10 + H2 → C6H12, ΔH = −120 kJ/mol
1,3-cyclohexadiene: C6H8 + 2H2 → C6H12, ΔH = −232 kJ/mol
benzene: C6H6 + 3H2 → C6H12, ΔH = −208 kJ/mol

Werengani maatomu kumanzere kwa mzere uliwonse. Paliponse mupeza makaboni 6 ndi mahaidrojeni 12. Zimenezi ndizo zikutipatsa chilolezo choyerekeza mizereyi. Lamulo limene Germain Hess anasindikiza ku St Petersburg mu 1840 limati kusintha kwa kutentha kumadalira poyambira ndi pothera pokha, osati njira yodutsamo. Popeza pothera ndi pamodzi, kusiyana kulikonse kwa manambala kukuchokera poyambira.

Manambalawa anayezedwa ndi George Kistiakowsky ndi anzake ku Harvard m'zaka za m'ma 1930, ndipo zotsatira za benzene zinatuluka mu 1936. Ankadutsitsa nthunzi ya mankhwalawa pamodzi ndi haidrojeni pa catalyst, pa 82 °C, n'kuyeza kutentha kotuluka. Mabuku ena amawalemba m'ma kilocalorie: 28.6, 55.4 ndi 49.8 kcal/mol. Mukakumana nawo, chulukitsani ndi 4.184 kuti mupeze ma kilojoule, ndipo musasakanize mitundu iwiriyi m'samu imodzi.

Gawo 3: Sankhani bwino muyeso wa bondi imodzi

Tikufuna kudziwa kutentha kumene bondi yapawiri imodzi wamba imatulutsa, kuti tikachulukitsa ndi 3 tipeze zimene benzene ikanatulutsa ikanakhala alkene wamba. Vuto ndi lakuti mabondi apawiri satulutsa kutentha kofanana. Taonani:

ethene, −137 kJ/mol
propene, −126
1-butene, −127
cis-2-butene, −120
trans-2-butene, −115
2,3-dimethyl-2-butene, −111

Magulu a alkyl, timagulu ta kaboni ndi haidrojeni monga CH3, akamachuluka pa makaboni a bondi yapawiri, bondiyo imakhazikika ndipo kutentha kumatsika. Komanso cis, yomwe magulu ake awiri ali mbali imodzi ya bondi, imatulutsa kuposa trans, yomwe ali mbali zosiyana, chifukwa akakhala mbali imodzi amapanikizana.

Ndiye tisankhe iti? Tikufuna yofanana ndi benzene m'zonse kupatula chinthu chimodzi chimene tikuyeza. Bondi ya cyclohexene ili m'mphete ya makaboni 6, ili ndi makaboni awiri olumikizika kwa iyo mbali imodzi, ndipo pothera pake ndi cyclohexane yomweyo. Palibenso ina yoyenera kuiposa. Taonaninso kuti nambala yake ikufanana ndi ya cis-2-butene, zomwe zikusonyeza kuti mphete ya makaboni 6 sikuifinya bondiyo.

Yesani dala kusankha molakwika kuti muone kukula kwa vutolo. Mukatenga ethene, 3 × 137 = 411, ndipo 411 − 208 = 203. Mwawonjezera 51 kJ yosakhudzana n'komwe ndi mphete ya benzene. Samuyo ndi yolondola, koma funso limene yayankha ndi lina. Kwa ine, gawo lino ndi limene limasiyanitsa womvetsa ndi woloweza, ndipo ndi loyenera kulipatsa nthawi yambiri kuposa kuchulukitsa kumene kukubweraku.

Gawo 4: Yambani ndi mabondi awiri

Musathamangire ku benzene. Yesani kaye njirayi pa 1,3-cyclohexadiene. Mabondi ake awiri akanakhala osadziwana, kutentha kukanakhala 2 × 120 = 240 kJ/mol. Koyezedwa ndi 232. Kusiyana ndi 8 kJ/mol.

Mabondi apawiri akalekanitsidwa ndi bondi imodzi yokha, ma p orbital anayi, malo okhalamo ma elekitironi a pi, amakhala moyandikana ndipo ma elekitironi amafalikira pa makaboni onse anayi. Kumeneku ndiye conjugation, ndipo kumatsitsa mphamvu pang'ono. Zomwezi zimaoneka kunja kwa mphete: 1,3-butadiene imatulutsa 239 kJ/mol, pomwe 2 × 127 ya 1-butene ndi 254, kusiyana kwa 15. Koma 1,4-pentadiene, yomwe mabondi ake alekanitsidwa ndi CH2, imatulutsa 254 ndendende. Sungani kukula kwa manambalawa m'mutu: conjugation wamba imapereka 8, 15, cha pamenepo.

Gawo 5: Werengani za benzene

Yerekezani molekyu yokhala ndi mphete ya makaboni 6 ndi mabondi apawiri atatu enieni, lililonse lokhala palokha. Amaitcha 1,3,5-cyclohexatriene. Palibe amene anaisungapo m'botolo; ilipo papepala pokha.

Koyembekezeka: 3 × 120 = 360 kJ/mol
Koyezedwa: 208 kJ/mol
Kusiyana: 360 − 208 = 152 kJ/mol

Imeneyi ndiye resonance energy ya benzene, ena amati delocalisation energy. Mukagwiritsa ntchito manambala osadula, 3 × 28.6 = 85.8, ndipo 85.8 − 49.8 = 36.0 kcal/mol, yomwe ndi 151 kJ/mol. Choncho 150, 151 ndi 152 onse ndi mayankho abwino malinga ndi tebulo limene mwapatsidwa.

Polemba yankho, lembani chiganizo chathunthu: benzene ndi yokhazikika ndi 152 kJ/mol kuposa cyclohexatriene yongoyerekeza. Musalembe kuti benzene imatulutsa 152 kJ, kapena kuti inasunga 152 kJ mkati mwake. Kumeneku ndi kutentha kumene sikunatuluke, chifukwa benzene inali kale pansi kuposa pomwe tinkaiyembekezera.

Gawo 6: Jambulani

Tengani rula. Munsi mwa pepala lembani mzere wopingasa wautali, muulembe kuti cyclohexane. Tengani sentimita imodzi kukhala 20 kJ. Pa 6 cm pamwamba pa mzerewo lembani kamzere ka C6H10 + H2. Pambali pake, pa 11.6 cm, kamzere ka C6H8 + 2H2, ndipo pamwamba pake pang'ono, pa 12 cm, kamzere kodukizadukiza koimira zomwe tinkayembekezera. Timizere tiwiriti titsala pang'ono kugundana. Kenako pa 18 cm lembani kamzere kodukizadukiza ka cyclohexatriene, ndipo pansi pake, pa 10.4 cm, kamzere kolimba ka C6H6 + 3H2. Mpata wa pakati pa tiwiriti ndi 7.6 cm, pomwe wa diene unali mamilimita anayi okha.

Musaiwale kulemba H2 pa kamzere kalikonse. Popanda iyo mukuyerekeza zinthu zosiyana maatomu. Mukamaliza, yang'anitsitsani chithunzicho: kamzere ka benzene kali pansi pa ka diene.

Gawo 7: Chotsani 232 pa 208

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Molekyu ya mabondi "atatu" ikutulutsa kutentha kochepa kuposa ya mabondi awiri. Tiyeni tigawe ulendo wochokera ku benzene kufika ku cyclohexane m'masitepe atatu, H2 imodzi pa sitepe iliyonse, mothandizidwa ndi lamulo la Hess.

Sitepe yoyamba, benzene + H2 → 1,3-cyclohexadiene: −208 − (−232) = +24 kJ/mol
Yachiwiri, diene + H2 → cyclohexene: −232 − (−120) = −112 kJ/mol
Yachitatu, cyclohexene + H2 → cyclohexane: −120 kJ/mol

Phatikizani: 24 − 112 − 120 = −208. Zagwirizana.

Chizindikiro cha sitepe yoyamba ndi cha kuphatikiza. H2 yoyamba kulowa pa benzene imameza kutentha m'malo motulutsa, zimene alkene wamba sichita. Chifukwa chake n'chakuti ikangolowa, kufalikira kwa ma elekitironi mozungulira mphete yonse kwaduka, ndipo kukhazikika konse kuja kwatayika nthawi imodzi. Phindu la mabondi awiri atsopano a C–H silikwanira kubweza zotayikazo.

Ubwino wa +24 ndi wakuti sifuna molekyu yongoyerekeza. Benzene ilipo, 1,3-cyclohexadiene ilipo, ndipo manambala onse awiri ndi oyezedwa. Munthu akhoza kutsutsana nanu za 152, koma 24 sangaikane. Ndikadafunsidwa kusankha nambala imodzi yoti wophunzira atuluke nayo m'phunziroli, ndikanasankha imeneyi.

Zinthu zingapo zodziwika zimamveka bwino mukaigwira. Choyamba, hydrogenation ya benzene pa nickel siima pa diene. Kutentha ndi kupanikiza kokwanira kukweza benzene pa sitepe yoyamba kumapitirira kale zimene diene ndi cyclohexene zikufuna, ndiye zikangopangika zimatsetsereka mpaka ku cyclohexane. Paul Sabatier ndi Jean-Baptiste Senderens anasandutsa benzene kukhala cyclohexane pa nickel ku Toulouse mu 1901, ndipo Sabatier analandira mphoto ya Nobel mu 1912 chifukwa cha njira ya hydrogenation imeneyi. Mpaka lero mafakitale amapanga cyclohexane kuchokera ku benzene, ndipo yambiri imapita kokapangira nayiloni.

Chachiwiri, taonani styrene, yomwe ili ndi mphete ya benzene komanso bondi yapawiri wamba kunja kwake. Mukaipatsa haidrojeni pa palladium popanda kutenthetsa kwambiri, bondi yakunja ndi imene imapita, mphete n'kutsala, ndipo mumapeza ethylbenzene. Chachitatu ndi bromine ija: kuphatikiza Br2 pa mphete kukanataya kukhazikika, pomwe kusinthanitsa H ndi Br kumakubwezeretsa pamapeto. Benzene imatsata njira yachiwiriyi pa nitration, sulfonation ndi ma reaction a Friedel ndi Crafts omwe.

Gawo 8: Tsimikizani ndi manambala ena

Yankho lililonse ndi bwino kulipeza kawiri. Tsegulani tebulo la enthalpy of formation, ΔH ya kupanga mole imodzi ya chinthu kuchokera ku ma element ake, pa 25 °C. Ya H2 ndi ziro. Ya mankhwala athu ali nthunzi ndi pafupifupi iyi: benzene +82.9, cyclohexene −4.3, cyclohexane −123.1 kJ/mol. Chotsani poyambira pa pothera.

Benzene: −123.1 − 82.9 = −206.0
Cyclohexene: −123.1 − (−4.3) = −118.8
3 × 118.8 = 356.4, ndipo 356.4 − 206.0 = 150.4 kJ/mol

Musadabwe kuona 206 m'malo mwa 208. Kistiakowsky anayeza pa 82 °C, tebuloli ndi la 25 °C, ndipo ΔH imasuntha pang'ono kutentha kwa malo kukasintha. Matebulo amasiyananso pang'ono pa nambala ya pambuyo pa kadontho.

Msampha waukulu pano ndi kusakaniza manambala a nthunzi ndi a zamadzimadzi. Benzene yamadzimadzi ili ndi +49.0, cyclohexane yamadzimadzi −156.4. Mukatenga zonse zamadzimadzi mupeza −205.4, yomwe ili bwino. Koma mukatenga benzene yamadzimadzi ndi cyclohexane ya nthunzi mupeza −172, mwaphonya ndi 34 kJ, yomwe ndi mphamvu yosandutsira benzene kukhala nthunzi. Musanakhudze kalikyuleta, onani kalemba kakang'ono ka pambali pa dzina lililonse, g (nthunzi) kapena l (zamadzimadzi), ndipo onse akhale ofanana.

Gawo 9: Fotokozani chifukwa chake

Nambala yopanda kufotokoza ndi theka la yankho. Michael Faraday anapeza benzene mu 1825 ku London, m'mafuta otsalira a gasi wounikira. August Kekulé anapereka chithunzi cha mphete mu 1865, ndipo mu 1872 anati mabondi apawiri amasinthanasinthana malo. Mu 1929 Kathleen Lonsdale, pogwiritsa ntchito ma X-ray pa hexamethylbenzene, anasonyeza kuti mpheteyi ndi yafulati. Miyezo yotsatira inatsimikiza kuti mabondi onse 6 a pakati pa makaboni ndi ofanana, pafupifupi ma picometre (pm) 139 m'litali. Bondi imodzi wamba ndi 154 pm, yapawiri ndi 134 pm. Mphete ya mabondi apawiri atatu enieni ikanakhala ndi mbali zitatu zazitali ndi zitatu zazifupi.

Kaboni aliyense m'benzene ndi wa sp2, makona onse ndi 120°, ndipo aliyense watsala ndi p orbital imodzi yoima chilili pamwamba ndi pansi pa mphete. Orbital iliyonse imakhudzana mofanana ndi ya kumanja ndi ya kumanzere, ndiye ma elekitironi 6 a pi sakhala a makaboni awiriawiri koma a mphete yonse. Linus Pauling ndi George Wheland anafotokoza zimenezi mu 1933 m'chilankhulo cha resonance. Chenjerani pamenepa: zithunzi ziwiri za Kekulé si mamolekyu awiri osinthana. Benzene ndi imodzi, ili chimodzimodzi nthawi zonse, ndipo zithunzi ziwirizo ndi njira yathu yoperewera yoijambulira.

Dziwaninso malire a 152. Popeza ndi mpata wa pakati pa chinthu chenicheni ndi chongoyerekeza, imasintha mukasintha chongoyerekezacho. Wina anganene kuti cyclohexatriene iyenera kupatsidwako phindu la conjugation wamba tisanawerenge, ndipo akunena zoona. Mwachitsanzo, cis-1,3,5-hexatriene, yomwe ili ndi mabondi atatu a conjugation koma yosatsekeka kukhala mphete, imatulutsa 337 kJ/mol, yoposa ya benzene ndi 129. Kuyerekeza kumeneku nakonso kuli ndi chilema, chifukwa hexatriene imathera ku hexane osati cyclohexane. Chosasintha n'chakuti, muyeze ndi chilichonse chomveka, mpatawo umakhalabe waukulu kwambiri kuposa 8 kapena 15 wa conjugation wamba. Ndiye mukalemba resonance energy, tchulani nthawi zonse chimene mwayezera.

Gawo 10: Yesani pa mphete yomwe ingakunamizeni

Kodi mphete iliyonse ya mabondi osinthanasinthana imapeza mwayi umenewu? Tengani cyclooctatetraene, C8H8, imene Richard Willstätter anapanga koyamba mu 1911. Papepala imaoneka ngati mkulu wake wa benzene: makaboni 8, mabondi apawiri anayi. Tsatirani magawo omwe aja. Pothera ndi cyclooctane. Muyeso woyenera si cyclohexene ayi, koma cis-cyclooctene, yomwe imatulutsa pafupifupi 96 kJ/mol.

Koyembekezeka: 4 × 96 = 384
Koyezedwa: pafupifupi 410

Apa koyezedwa kwaposa koyembekezeka ndi 26. Palibe kukhazikika kwapadera ngakhale pang'ono. Mukanagwiritsa ntchito 120 ya cyclohexene mukanapeza 480 − 410 = 70 n'kulengeza kuti molekyuyi ndi aromatic, ndiye kuti yokhazikika mwapadera ngati benzene, zomwe ndi zabodza. Gawo 3 lija labweranso.

Cyclooctatetraene si yafulati. Ndi yopindika, mabondi ake amasinthana aafupi ndi aatali, ndipo imachotsa mtundu wa bromine monga alkene ina iliyonse. Erich Hückel anasonyeza mu 1931 kuti nkhani ili pa chiwerengero cha ma elekitironi a pi. Mphete yafulati, yokhala ndi p orbital pa atomu iliyonse, imakhazikika mwapadera ma elekitironiwo akakhala 4n + 2, ndiye kuti 2, 6, 10, 14. Benzene ili ndi 6. Cyclooctatetraene ili ndi 8, yomwe mulibe m'ndandandawo. Chosangalatsa n'chakuti mukaipatsa ma elekitironi awiri kuchokera ku potassium, amakwana 10, ndipo ion yotulukayo imayalika n'kukhala yafulati.

Gawo 11: Gwiritsani ntchito manambalawa polosera pomwe reaction ichitikire

Mphete zikalumikizana mbali ndi mbali, mabuku amapereka resonance energy pafupifupi motere: naphthalene, ija ya m'timibulu toyera tothamangitsira njenjete m'zovala, 255 kJ/mol, anthracene 351, phenanthrene 381. Gawani ndi chiwerengero cha mphete. Naphthalene ili ndi ziwiri, ndiye 128 pa mphete. Anthracene ili ndi zitatu zondondozana, 117. Phenanthrene ili ndi zitatu zokhota, 127. Palibe yofika pa 152 ya benzene, ndipo n'chifukwa chake zonsezi zimalowa m'ma reaction mosavuta kuiposa. Anthracene ndi phenanthrene zonse ndi C14H10, koma yokhotayo ndi yokhazikika ndi pafupifupi 30 kJ/mol kuposa yowongoka.

Kuti mulosere pomwe haidrojeni kapena bromine ilowe, chitani izi pa malo aliwonse otheka: jambulani chotuluka, onani mphete za aromatic zimene zatsala, phatikizani resonance energy yake, n'kuchotsa pa ya poyamba. Malo otaya zochepa ndiwo amapambana.

Naphthalene ikalandira 2H2 pa mphete imodzi imasanduka tetralin, ndipo yatsala ndi mphete imodzi ya benzene. Yataya 255 − 152 = 103, yochepa kuposa 152 imene benzene ingataye. Choncho hydrogenation ya naphthalene ikhoza kuimitsidwa pa tetralin, ndipo kuti ifike pa decalin, pomwe mphete zonse ziwiri zalandira haidrojeni, pamafunika kukakamiza kowonjezera.

Pa anthracene pali njira ziwiri. Mukaononga mphete yakumapeto, patsala naphthalene, ndipo mwataya 351 − 255 = 96. Mukalowa pa mphete yapakati, pa makaboni 9 ndi 10, patsala mphete ziwiri za benzene zathunthu, 2 × 152 = 304, ndipo mwataya 47 yokha. N'zimenedi zimachitika m'labu: haidrojeni imapereka 9,10-dihydroanthracene, oxidation imapereka anthraquinone yomwe amapangira utoto, ndipo maleic anhydride imagwira pa makaboni 9 ndi 10 omwewo m'reaction ya Diels ndi Alder.

Phenanthrene ichiteni nokha. Ikalandira H2 pa bondi ya 9,10, patsalanso mphete ziwiri za benzene, ndiye yataya 381 − 304 = 77. Yerekezani ndi kuononga mphete yakumapeto, komwe patsala naphthalene: 381 − 255 = 126. Bondi ya 9,10 ndi imene iyenera kupita, ndipo imapitadi: bromine imaphatikizika pamenepo pafupifupi mmene imachitira pa alkene wamba.